Zimbale za m'Sutikesi ya Amalume

Mu Juni 2025 dziko la America lidataya akatswiri awiri a nyimbo m'sabata imodzi. Pa 9 adamwalira Sly Stone, ndipo patangopita masiku awiri adatsatira Brian Wilson. Onse awiri adali ndi zaka 82. Nditamva za maliro achiwiriwo ndidaimbira lamya amalume anga kumudzi, ku Mchinji, poganiza kuti nkhaniyi iwakhudza. Adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa funso limodzi lokha: "Nanga Fogerty ali moyo?" Nditawayankha kuti ali moyo ndipo akuimbabe, adati, "Ndiye kuti mzati ukadalipo, mphwanga," nadula lamya poopa kutha kwa batire.

Mlendo akadamva macheza amenewa akadati amalume ndi ouma mtima. Sichoncho. Iwo amangopitiriza mlandu womwe ine ndi iwo takhala tikuzengana kuyambira mu 1992, mlandu wopanda mfumu yoti iugamule: mwa mabandi onse a ku America oimba chamba cha rock, yoposa inzake ndi iti? Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta, koma pakhomo pathu ili ndi mphotho yake. Pansi pa bedi la amalume pali sutikesi yofiirira momwe muli zimbale 41, ndipo iwo adalengeza pamaso pa abale kuti adzazitenga ndi yekhayo amene adzavomereze ndi pakamwa pake kuti bandi yoposa zonse ndi Creedence Clearwater Revival. Zimbalezo ine ndimazifuna. Vuto ndi lakuti kunama kumandivuta.

Sutikesiyo idachokera ku Zambia. Monga anyamata ambiri a kwathu, amalume adapita ku migodi ya kopa ali ndi zaka makumi awiri, nagwira ntchito ya umakaniko ku Kitwe kuyambira 1968 mpaka 1976. Adafikako pa nthawi yabwino. Kopa adali pamtengo, malipiro amatuluka, ndipo anyamata a m'makomboni amagula magitala a magetsi. M'tauni yomweyo ndimo mudabadwira bandi ya WITCH ya Jagari Chanda ndi inzake ya Amanaz, pomwe ku Lusaka kudali Paul Ngozi. Anyamatawa amamvetsera Jimi Hendrix, James Brown ndi Rolling Stones, nasakaniza zomwe amamvazo ndi magule a kwawo, mpaka padatuluka chamba chomwe chidadzatchuka ndi dzina la Zamrock. Amalume adavina zonsezi. Mtengo wa kopa utagwa adalongedza katundu, koma asadawoloke malire adayamba adzera kwa ometa, pakuti kuno m'masiku a Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali amakhala ndi mlandu. Limeneli lidali dziko lomwe lidaletsa ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel chifukwa chotchula dzina la Cecilia. Tsitsi adalisiya ku Chipata, zimbale adabwera nazo.

Mkangano wathu uli ndi malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti tikukamba za bandi, osati munthu mmodzi wotsagana ndi omuthandiza. Apa Elvis Presley, Chuck Berry, Little Richard ndi Bob Dylan amagwera kunja. Lachiwiri ndi lakuti bandiyo ikhale ya ku America, ndipo lamulo limeneli ndilo limasesa bwalo. Beatles, Rolling Stones, Led Zeppelin, Pink Floyd, Queen, onsewa ndi a ku Britain. Hendrix adabadwira ku Seattle, koma gulu lake la Experience lidapangidwira ku London mu 1966, ndipo anzake awiri adali a ku England. Gulu lotchedwa The Band lidali ndi anthu anayi a ku Canada ndi mmodzi yekha wa ku Arkansas. Ukachotsa onsewa umadabwa kuona kuti dziko lomwe lidabala rock lili ndi mabandi ochepa oti anthu onse angawavomereze mosatsutsa. Mwana adabadwira pakhomo pano, koma adakanenepera kwa eni.

Kubadwako kudachitikira kummwera kwa America, pakati pa anthu akuda, m'matchalitchi ndi m'malo omwera. Mayi wina woimba za uzimu, Sister Rosetta Tharpe, amaliza kale gitala ya magetsi mwaukali m'ma 1940, Elvis akadali mwana wa sukulu. Mu 1951, mumzinda wa Memphis, gulu la Ike Turner lidajambula nyimbo ya "Rocket 88" mu situdiyo ya Sam Phillips, ndipo ambiri olemba mbiri amaiwerenga pakati pa nyimbo zoyambirira za rock. Chuck Berry adaonetsa mmene gitala ingalankhulire. Koma chithunzi cha bandi monga tikuchidziwira, anyamata anayi okhala ndi magitala awiri, besi ndi ng'oma, odzipekera okha nyimbo, chidakhazikika ndi Buddy Holly ndi gulu lake la Crickets la ku Lubbock, Texas, mu 1957. Kenaka zinthu zidasokonekera motsatizana. Little Richard adasiya kuimba napita kukaphunzira za ubusa, Elvis adalowa usilikali mu 1958, Holly adafa pa ngozi ya ndege pa 3 Febuluwale 1959, ndipo Berry adakalowa m'ndende. Munda udatsala wopanda mlonda.

Adaulowa ndi anyamata a ku Liverpool. Pa 9 Febuluwale 1964 Beatles adaonekera pa pulogalamu ya kanema ya Ed Sullivan, ndipo anthu pafupifupi 73 miliyoni adaonera. Pofika mu Epulo chaka chomwecho, nyimbo zisanu zapamwamba pa mndandanda wa magazini ya Billboard zonse zidali zawo. Adabwezera America nyimbo zake zomwe, zitangovala suti ina. Choncho bandi iliyonse ya ku America yomwe ife timaikangana idakula ikuyankha funso lomwe alendowa adasiya.

Oyamba kuyankha adali Beach Boys, ndipo mnzanga wina wophunzitsa kwaya, yemwe nthawi zina amalowerera mlandu wathu, sasuntha pa iwo. Gululi lidayamba mu 1961 ku Hawthorne, California: abale atatu a bere limodzi, Brian, Dennis ndi Carl Wilson, msuweni wawo Mike Love, ndi mnzawo Al Jardine. Adatchuka poimba za magalimoto, atsikana ndi masewera oyandama pa mafunde, ngakhale mwa onsewo Dennis yekha ndiye amawadziwa masewerawo. Brian, yemwe khutu lake limodzi silimamva bwino, adasiya kuyenda ndi anzake kumapeto kwa 1964 nadzitsekera mu situdiyo. Mu Meyi 1966 adatulutsa chimbale cha Pet Sounds, momwe mawu a anthu amalukana ngati mkeka, ndipo pansi pake pali zipangizo zomwe palibe amaziyembekezera m'nyimbo za achinyamata, mpaka belu la njinga. Kwawo chidangofika pa nambala 10, koma ku Britain chidafika pa nambala 2, ndipo Paul McCartney sadabise kuti chidawatokosa a Beatles kuti alimbikire. Nyimbo imodzi yokha, "Good Vibrations", Brian adaijambula zidutswazidutswa kwa miyezi ingapo m'masitudiyo osiyanasiyana asadailumikize.

Amalume zonsezi amazimva, koma yankho lawo silisintha. "Munda wolimitsa aganyu," amatero, "mwini wake asadzitame kuti ali ndi mphamvu." Akunena zoona ndithu, pakuti zipangizo zambiri za mu Pet Sounds adaziimba ndi akatswiri olembedwa ganyu a ku Los Angeles, pomwe eni bandi adangobwera kudzaika mawu. Amakumbutsanso kuti nyimbo yomwe idawatchukitsa mu 1963, "Surfin' U.S.A.", idatengera maimbidwe a nyimbo ya Chuck Berry, mpaka dzina la Berry lidayenera kulembedwa pa chimbale. Ine Brian Wilson ndimamulemekeza ngati mmisiri woposa onse amene tawatchule muno, komabe pa mfundo ya aganyuyi amalume ndimawapatsa chigoli. Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi china: bambo wa anyamatawa, Murry Wilson, adagulitsa umwini wa nyimbo za ana ake mu 1969 pa madola 700,000, chuma chomwe pambuyo pake chidadzakhala cha mamiliyoni ambirimbiri.

Amene amakonda kuwerenga ndalama amati mlanduwu udatha kale, ndipo adapambana ndi Eagles. Gululi lidapangidwa ku Los Angeles mu 1971 ndi anyamata omwe amaimbira Linda Ronstadt. Mu 2018 bungwe lowerengera malonda a zimbale ku America lidalengeza kuti chimbale chawo chosonkhanitsa nyimbo za 1971 mpaka 1975 chidafika pa makope 38 miliyoni, kuposa Thriller ya Michael Jackson, ndipo Hotel California ya 1976 idali pa 26 miliyoni. Kwa ife a kuno, omwe tidakula ndi Jim Reeves ndi Don Williams pa wailesi, nyimbo za Eagles zimalowa mosavuta chifukwa zili pafupi ndi chamba cha country. Koma pa mfundo iyi ine ndi amalume timagwirizana, mwina pa iyi yokha. Kukadakhala kuti kuchuluka kwa ogula ndiko kumaweruza, bwenzi bonya ali mfumu ya nsomba ndipo chambo chili kapolo wake. Eagles amaimba mosalala ndi mwaukhondo, osaphonya ngakhale pamodzi, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zawo zimandikumbutsa chipinda cha hotela: zonse zili m'malo mwake, koma palibe amakhalamo. Eni akewo adatopana mpaka mu 1980 awiri a iwo, Glenn Frey ndi Don Felder, adaopsezana pa nsanja anthu akuonera, ndipo gulu lidatha kufikira 1994.

Alipo ena omwe maina awo amamveka m'mikangano yotereyi, ndipo sindiwanyoza, koma pakhonde pathu sakhalitsa. Velvet Underground a ku New York adagulitsa pang'ono chimbale chawo cha 1967, komabe mabandi osawerengeka a pambuyo pake adaphunzira kwa iwo. Amenewa ndi okondedwa a olemba m'manyuzipepala. Grateful Dead adaimba m'madansi oposa 2,300 pakati pa 1965 ndi 1995, ndipo ukulu wawo udali pa nsanja pomwe ife sitidafikepo. Doors adatha mphamvu Jim Morrison atamwalira ku Paris mu 1971. Ramones, Aerosmith, Metallica, R.E.M., aliyense ali ndi mpingo wake. Amalume amangoti, "Amenewo ndi a mbumba ina."

Ine ndidalowa mu mkanganowu ndi Nirvana. Mu 1992 ndidali ku sekondale yogonera komweko, ndipo mnzanga wina yemwe mkulu wake amagwira ntchito ku Joni adabwera ndi kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake, mawu ake osamveka bwino. Chimbale cha Nevermind chidali chitatuluka mu Seputembala 1991, ndipo mu Januwale 1992 chidachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala 1. Anyamata atatu ovala ngati akuchokera kudimba adagwetsa mfumu yovala zonyezimira. Chingerezi cha Kurt Cobain sitimachimva, koma mkwiyo wake timaumva, pakuti chaka chomwecho mu Malichi maepiskopi achikatolika adawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi, ndipo tonse timadziwa kuti chinachake chikung'ambika. Pa tchuthi ndidapita ndi kasetiyo kumudzi. Amalume adaimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, kenaka adati, "Mnyamatayu akumva kuwawa, koma kulira si kuimba." Adalowa m'nyumba natulutsa galamafoni ya mabatire ndi chimbale cha Green River. Mlandu udayambira pamenepo.

Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Nirvana idatulutsa zimbale zitatu zokha za mu situdiyo, ndipo mu Epulo 1994 Cobain adadzipha ali ndi zaka 27. Kwa zaka zambiri ndidaumirirabe pa iwo, mpaka tsiku lina ndidawerenga m'mbiri ya gululi kuti Cobain ndi mnzake Krist Novoselic, asadayambe Nirvana, adayesapo kukhazikitsa kabandi koimba nyimbo za Creedence kuti azipeza ndalama. Ndidalakwitsa kuwauza amalume. Adaseka mpaka kutsokomola, ndipo kufikira lero sadaiwale.

Tsono tiyeni tiwamvere mlandu wawo mwachilungamo, chifukwa ndi wolemera. Creedence idachokera ku El Cerrito, katauni ka anthu ogwira ntchito pafupi ndi San Francisco. John Fogerty, Stu Cook ndi Doug Clifford adayamba kuimbira limodzi mu 1959 ali ana a sukulu, ndipo mkulu wake wa John, Tom, adawaphatikira pambuyo. Kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi palibe amawadziwa. Kampani yawo ya Fantasy idawapatsa dzina lomwe iwo samalifuna la Golliwogs, John ndi Doug adaitanidwa ku usilikali, ndipo dzina la Creedence Clearwater Revival lidayamba kumveka mu 1968. Chomwe chidatsatira ndicho amalume amachitcha umboni. M'chaka chimodzi cha 1969 adatulutsa zimbale zitatu, Bayou Country, Green River ndi Willy and the Poor Boys, ndipo mu 1970 adaonjezera ziwiri, Cosmo's Factory ndi Pendulum. Amene adalembapo buku akudziwa tanthauzo la kutulutsa ntchito zisanu zabwino m'miyezi 24.

Pa nthawiyo mabandi a ku San Francisco amaimba nyimbo imodzi kwa theka la ola, atakhuta mankhwala ozunguza bongo. Creedence imaimba mphindi zitatu, nkhani n'kutha. Zipangizo amaziimba okha. Fogerty amaimba za mtsinje wa Mississippi ndi madambo a ku Louisiana ngati adabadwira komweko, chikhalirecho adali mwana wa ku California amene maderawo adawadziwira m'zimbale za anthu akuda ndi m'maganizo mwake. Nyimbo yawo ya "Fortunate Son" idanena poyera zomwe osauka amanong'ona, kuti ku nkhondo ya ku Vietnam, komwe asilikali a America oposa 58,000 adafera, kumapita ana a amphawi pomwe ana a akuluakulu amapeza pozembera. Amalume, omwe adagwira ntchito pansi pa mabwana odya bwino, nyimbo imeneyi sadafunikire womasulira. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zawo zidafika pa nambala 2 kasanu konse pa mndandanda wa Billboard koma pa nambala 1 sizidafikepo, ngakhale "Bad Moon Rising" idakwera pamwamba ku Britain. Ndipo "Proud Mary" adadzaitenga Ike ndi Tina Turner mu 1971 naipatsa moyo wachiwiri, Ike yemwe uja wa "Rocket 88". Nyimbo ya mzungu wophunzira kwa akuda idabwerera kwa aphunzitsi ake, iwo naivomereza.

Mathero ake ndi owawa. John ndiye amapeka, kuimba, kuliza gitala yotsogolera, kujambula ndi kuyendetsa zamalonda, ndipo anzake adatopa kukhala ngati antchito ake. Tom adachoka kumayambiriro kwa 1971, ndipo mu Okutobala 1972 gulu lidatha. Mgwirizano womwe adasaina ali anyamata udapereka umwini wa nyimbo zonse ku kampani ya Fantasy ya Saul Zaentz, ndipo ndalama zawo zambiri zidalowa m'madzi pamene banki ina ya ku Bahamas komwe zimasungidwa idagwa. Kwa zaka zambiri John amakana kuimba nyimbo zake zomwe poopa kulemeretsa adani ake. Mu 1985 atatulutsa nyimbo yatsopano, kampaniyo idamusumira kuti wabera nyimbo ya Creedence, yomwenso adaipeka ndi iye mwini. Munthu kuimbidwa mlandu wofanana ndi iye yekha! Mu 1988 adalowa m'khoti ndi gitala naonetsa oweruza mmene amapekera, ndipo adapambana. Nkhani ya ndalama zolipira maloya idafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1994, komwenso adapambana. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma Tom adamwalira mu 1990 abale awiriwa asadagwirizane kwenikweni, ndipo mu 1993, pa mwambo wolemekeza gululi, John adakana kuimba ndi Stu ndi Doug. Ulamuliro pa nyimbo zake adaupeza mu Januwale 2023, patapita zaka zoposa makumi asanu.

Apa ndipo ndimawabwezera amalume mkondo wawo. Ngati Beach Boys akugwa chifukwa cha aganyu, Creedence siigwa kodi chifukwa idali munthu mmodzi ndi omunyamulira katundu atatu? Iwo amayankha kuti ndimvetsere bwino ng'oma za Doug ndi gitala ya Tom, zomwe zimayenda ngati anthu osinja mumtondo umodzi osagundanitsa minsi, ndipo kuti John atatsala yekha sadapezenso kakomedwe komweko. Yankho limeneli ndi labwino. Ndimalivomereza.

Chomwe chimandiletsa kulandira sutikesi ndi usiku umodzi. Pa chikondwerero cha Woodstock mu Ogasiti 1969, pomwe padasonkhana anthu pafupifupi 400,000, Creedence idakwera pa nsanja pakati pa usiku, Grateful Dead itatha kugonetsa khamu. Fogerty sadakhutire ndi mmene zidayendera, ndipo adakana kuti gulu lake lioneke mu kanema wa chikondwererocho. Itatsika Creedence padabwera Janis Joplin, ndipo cha m'ma 3 koloko mbandakucha padakwera gulu la anthu asanu ndi awiri lomwe lidadzutsa chigwa chonse chamatope n'kuchiimbitsa. Limeneli lidali Sly and the Family Stone.

Sly, dzina lake lenileni Sylvester Stewart, adabadwira ku Texas mu 1943, nakulira ku Vallejo, California, m'banja loimba m'tchalitchi cha chipentekosite. Adagwirapo ntchito youlutsa nyimbo pa wailesi, komwe amasakaniza za akuda ndi za azungu mosasamala malire. Gulu lomwe adakhazikitsa mu 1966 lidali chimodzimodzi. Mudali mng'ono wake Freddie pa gitala, mlongo wake Rose pa kiyibodi, mayi wina, Cynthia Robinson, woliza lipenga, azungu awiri, Greg Errico pa ng'oma ndi Jerry Martini pa sakisofoni, ndi Larry Graham pa besi. Tikumbukire kuti lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse lidali litangokhazikitsidwa mu 1964, ndipo Martin Luther King adaphedwa mu Epulo 1968. M'dziko lotero, akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, kuima pa nsanja imodzi aliyense ali ndi chipangizo chake, kulandizana mawu m'nyimbo imodzi, chidali chinthu chomwe ambiri adali asadachionepo. Pamene a chipani cha Black Panther adamukakamiza kuti achotse azungu awiriwo, Sly adakana.

Za maimbidwe ndiye zosayamba. Graham adazolowera kumenya nsambo za besi ndi chala chachikulu ali mnyamata, poimba ndi mayi ake popanda woimba ng'oma, ndipo kaimbidwe kameneka lero kali paliponse, kuyambira m'mabandi a m'mabala mpaka m'makwaya athu a Lamulungu. Nyimbo zawo zitatu zidafika pa nambala 1, mu 1969, 1970 ndi 1971, malo omwe Creedence idawalephera. Chimbale cha Stand! cha 1969 ndi chodzala chiyembekezo. There's a Riot Goin' On cha 1971 ndi cha munthu amene chiyembekezocho chamuthera, mawu olefuka pamwamba pa kamakina koimba ng'oma, kachipangizo komwe pa nthawiyo oimba otchuka samakalabadira. Zimbale ziwirizi ukaziika pamodzi wamva mbiri ya America ya zaka zimenezo. Miles Davis adasintha maimbidwe ake atamvera Sly, Herbie Hancock adatcha nyimbo ina dzina lake mu 1973, ndipo Prince ndi oimba rap osawerengeka adamwa pa chitsime chomwecho. Naye adagwa, ndipo adagwa moipa: mankhwala ozunguza bongo, kujomba ku madansi anthu atalipira kale, anzake kuchoka mmodzimmodzi, ndi zaka zambiri za umphawi.

Nanga n'chifukwa chiyani dzinali silimveka kawirikawiri anthu akamakangana za bandi yoposa zonse? Amalume amayankha mosavuta: "Ameneyo si wa rock, ndi wa gulu la James Brown." Ine funso langa ndi lakuti adagawa magulu amenewa ndani. Mpaka mu 1949 magazini ya Billboard imaika zimbale za anthu akuda pa mndandanda wawokha wotchulidwa ndi mtundu wawo. Chaka chimenecho idangosintha dzina kukhala rhythm and blues, koma mpanda udatsala. Mzungu akaimba nyimbo ya Chuck Berry imatchedwa rock, wakuda akaliza gitala yomweyo amamuika pa shelefu ina. Fogerty mwini sadabisepo kuti aphunzitsi ake adali Little Richard, Bo Diddley ndi Howlin' Wolf. Ngati funso lili la bandi ya ku America, ine ndikuona kuti yoyenera ndi yomwe idanyamula America yense pa nsanja imodzi, ndi tchalitchi chake, tsankho lake ndi magitala ake, ndipo idasintha mmene ena onse amaimbira. Voti yanga ndaponya kwa Sly and the Family Stone. Ndikuvomera kuti ndikatopa madzulo, dzanja langa limathamangira kwa Creedence. Koma chomwe munthu amakonda kudya ndi chomwe chidadyetsa mudzi si nthawi zonse chimakhala chimodzi.

Mu Ogasiti 2025 ndidapita kumudzi kukanena zimenezi pamaso. Galamafoni idafa kalekale, choncho tidakhala pakhonde ndi lamya yanga ya m'manja. Ndidayamba ndi Lazy Bones!! ya WITCH ya 1975, ndipo amalume adatseka maso natchula maina a anzawo omwe amavina nawo ku Kitwe, ambiri a iwo adapita m'zaka za Edzi pamodzi ndi oimba ambiri a Zamrock. Kenaka ndidaika Sly, ndi kuwapempha kuti amvetsere besi ndi gitala, anene ngati zomwe amavina ku Kitwe zili pafupi ndi Fogerty kapena ndi uyu. Phazi lawo lidayamba kugunda pansi lokha. Nditawalozera, adaliyang'ana ngati la munthu wina.

"Phazi ndi phazi," adatero. "Ine ndikunena za mutu. Taikanso Green River."

Ndidaika. Ili mkati adandiuza kuti mwana wa achemwali awo ena, mnyamata wa zaka 19 amene sadaonepo galamafoni chibadwire, adabwera mwezi wathawo navomereza kale kuti Creedence ndiyo yoposa zonse, ngakhale dzinalo adalitchula molakwika. Ndidafunsa ngati ndiye kuti sutikesi yapita.

"Ayi," adatero amalume. "Ameneyo wavomera msanga. Ndikudikira iwe."